Mankhamba, Likulu Lakale la Amaravi

Munthu wochokera ku Manjawira, kummwera kwa boma la Ntcheu, amene akufuna kuona likulu lakale kwambiri lomwe mbiri ya dziko la Malawi imalidziwa, sayenera kulunjika ku Zomba, popeza mzinda umenewo unakhala likulu la boma kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975 pokha, pamene likulu la mafumu a Amaravi linaima zaka mazana angapo azungu asanaponde kuno. Ulendo wake ndi wotsata msewu wa M1 chakumpoto mpaka m'dera la Chingeni ndi Balaka, kumene amapatukira mumsewu wa M5 wodutsa m'chigwa cha Bwanje, pa Kasinje ndi pa Golomoti, mpaka kukafika ku Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko, pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja ya Malawi, kufupi ndi mtsinje wa Nadzipulu, ndiko kuli Mankhamba, malo amene dzina lake limayendera limodzi ndi la Kalonga, yemwe anali mfumu yaikulu ya Amaravi, makolo a Achewa, Amang'anja ndi Anyanja a lero.

Mlendo wofika koyamba amene anamvapo za makoma amiyala a ku Great Zimbabwe amakhumudwa msanga, chifukwa chomwe amaona ndi minda, midzi ndi mitengo, monga momwe kulili kwina kulikonse m'mbali mwa nyanja. Amaravi ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe, moto ndi mvula zimamaliza m'zaka zochepa, ndipo kulakwa kwakukulu kwa alendo ambiri ndiko kuyesa kukula kwa ufumu poona kutalika kwa makoma ake. Mphamvu za Kalonga zinali mu malonda, m'ubale wa mafuko ndi m'miyambo yopempha mvula, kotero kuti wofuna kuona likulu lake ayenera kuphunzira kuyang'ana pansi, pamene khasu la mlimi limafukula mapale akale, ndiponso kumvetsera zimene akuluakulu a m'midzi yozungulira amasimba.

Akatswiri ambiri a mbiri amaika chiyambi cha ufumuwu m'zaka za m'ma 1400, pamene anthu a fuko la Phiri, omwe mbiri yapakamwa imati anachokera ku Uluwa m'dziko la Congo, anafika ndi kupeza a fuko la Banda atakhazikika kale. Mafuko awiriwa anagawana ntchito m'njira yomwe inasunga mtendere kwa nthawi yaitali: a Phiri anatenga ufumu, pamene a Banda anasunga udindo wa nthaka ndi wa mvula. Kalonga ankalowa ufumu kudzera kuchikazi, ndipo mayi wa banja lachifumu ankatchedwa Nyangu, pomwe mkazi wake wamkulu, wotchedwa Mwali, ankachokera kwa a Banda ndipo ankayang'anira miyambo ya chipembedzo. Mbiri yomwe Samuel Josiah Ntara anasonkhanitsa m'buku lake la Mbiri ya Achewa, pamodzi ndi zolemba za akatswiri ena amene anabwera pambuyo pake, imatchula malo awiri oyandikana, Manthimba ndi Mankhamba, ndipo kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankati Manthimba ndiko kunali bwalo la mfumu, Mankhamba kukhala kwa kachisi, ndiye kuti malo opembedzera ndi kuthira nsembe.

Maganizo amenewa anagwedezeka pamene Yusuf Juwayeyi, katswiri wa ku Malawi wofukula zinthu zamakedzana, anakumba pa Mankhamba ndi kusindikiza zotsatira zake m'buku la Archaeology and Oral Tradition in Malawi mu 2020. Malo amene anapereka zambiri anali dzala, pomwe anthu akale ankataya phulusa ndi zinyalala za tsiku ndi tsiku, ndipo m'menemo munatuluka mapale a miphika youmbidwa komweko, mafupa a nyama, zitsulo, zinthu za mkuwa, zidutswa zambiri za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere ya India, ngakhalenso zibenthu za mbale zadothi zonyezimira za ku China. Zidutswa za minyangazo ndi zofunika kuziganizira mofatsa, pakuti zikusonyeza kuti minyanga sinkangodutsa pamalopa paulendo wopita kunyanja ya mchere, koma panali amisiri amene ankaicheka ndi kuisema pomwepo. Kachisi payekha sangaunjike chuma chamtundu umenewu m'dzala, ndipo n'chifukwa chake Juwayeyi anatsimikiza kuti Mankhamba ndilo linali likulu lenileni la Kalonga. Chibenthu chimodzi cha mbale ya ku China, chomwe mwana angachitole osachilabadira, chinadutsa m'manja mwa amalonda a m'madoko a kum'mawa kwa Africa ndi a m'chigwa cha Zambezi chisanafike m'nyumba ya udzu m'mphepete mwa Nadzipulu.

Malowo sanasankhidwe mwangozi. Chigwa cha kummwera chakumadzulo kwa nyanja chili ndi nthaka yachonde, madzi otsika m'mapiri, nsomba za m'nyanja ndi nyama zakutchire zomwe kale zinali zochuluka, komanso chimatsegula njira yopita kummwera kudzera ku Bwanje mpaka ku Shire ndi ku Tete, kumene Apwitikizi anakhazikika m'zaka za m'ma 1500. Mbiri imasimba kuti chaka ndi chaka mafumu a fuko la Phiri ankasonkhana kulikulu pa mwambo wa Mlira, wolemekeza mzimu wa kholo lawo, umene unkatha ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja, ndipo kubwera kwa mfumu iliyonse kumwamboko kunali chizindikiro chakuti ikumverabe Kalonga.

Kumverako sikunakhalitse kwa onse, chifukwa abale a Kalonga amene anatumidwa kapena kuchoka mokwiya anakamanga maufumu awoawo. Undi anapita kumadzulo ndi kukakhazikika ku Mano, m'dera lomwe lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene Kaphwiti ndi Lundu analamulira m'chigwa cha Shire. Zolemba za Apwitikizi zimatchula mfumu yamphamvu dzina lake Muzura, yomwe mu 1608 inapereka ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za kudziko la Mwenemutapa, mfumu imenenso Mpwitikizi Gaspar Bocarro anaichezera mu 1616 paulendo wake wochoka ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo mu 1622 inagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo. Akatswiri amatsutsana ngati Muzura anali Kalonga weniweni kapena mfumu ina imene inadzikwezera yokha, koma amagwirizana kuti zaka za m'ma 1600 ndizo zinali pachimake pa mphamvu za Amaravi. Pambuyo pake malonda a minyanga anayamba kulambalala likulu, mafumu ang'onoang'ono akugulitsa okha kwa Ayao, mpaka m'zaka za m'ma 1800 pamene malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni zinaphwasula zomwe zinatsala. Kalonga wotsiriza m'derali, Sosola, anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao cha m'ma 1860, ndipo dera la Mtakataka lero lili m'manja mwa mfumu ya Chingoni, Kachindamoto, monganso boma la Ntcheu lilili pansi pa Inkosi ya Makosi Gomani.

Popeza nthaka ya Mankhamba imabisa zambiri, mlendo wanzeru amamaliza ulendo wake ku Mua, pafupi pomwepo, kumene ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902. Kumeneko kuli malo a zachikhalidwe ndi luso a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, pamodzi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, yomwe imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu itatu imene mbiri yake inakumana ndi kulimbana m'chigwa chomwechi. Chipinda cha Achewa chili ndi zigoba za Gule Wamkulu zochuluka zedi, zopachikidwa mothithikana kotero kuti wolowamo amaona nkhope zofiira, zakuda ndi zoyera zikumuyang'ana mbali zonse, chilichonse chili ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ndipo mu 2006 linachita chimodzimodzi ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, kumtunda kwa Dedza, komwe kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zofiira za Akafula, alenje amene anakhalako Amaravi asanafike, ndi zoyera zokhudza chinamwali ndi Nyau. Amene ali ndi nthawi amakwera kumeneko kudzera mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wochokera ku Golomoti, ndipo ali pamwamba amatha kuona chigwa chonse mpaka kunyanja, zomwe zimamveketsa bwino chifukwa chimene Kalonga anasankhira kukhala pamenepo.

Dzina la Kalonga silinafere ku Mankhamba, chifukwa linatsalira kwa mbumba ya Undi, ndipo lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse pa mwambo wa Kulamba, mafumu akupereka mphatso ndi kufotokoza za madera awo monga momwe makolo awo ankachitira pa Mlira. Chifukwa cha ichi, magalimoto ambiri onyamula Achewa a ku Dedza ndi ku Ntcheu amaoloka malire kupita ku Katete, pamene ochepa okha ndiwo amapatuka pa Mtakataka kukafunsa kumene kunali bwalo lakale la Kalonga.