Matenda oiwalaiwala: kusunga ulemu wa agogo nzeru zikayamba kuthawa

Pakati pa Angoni a kwa Maseko m'boma la Ntcheu, agogo aamuna ndiwo nkhokwe ya mbiri ya banja. Ndiwo amadziwa mfunda wa aliyense, malire a minda, manda a makolo ndi nyimbo za ngoma zomwe zidasunga mawu a Chingoni pamene chiyankhulocho chidazilala m'makomo. Koma pali matenda amene amagwira nkhokwe yomweyo nkuyamba kuikhuthula pang'onopang'ono. Awa ndi matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatchula kuti dementia.

Matendawa ndi otani?

Dzinali likuimira matenda angapo amene amawononga ubongo mpaka munthu kulephera kukumbukira, kuganiza bwino ndi kudzisamalira. Ngakhale amagwira kwambiri anthu achikulire, si mbali ya ukalamba, chifukwa nkhalamba zambiri zimafika kumanda nzeru zili zonse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, womwe udatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene adaufotokoza m'chaka cha 1906. Mwa odwala 100 alionse, pakati pa 60 ndi 70 amakhala ndi mtundu umenewu. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya muubongo ikawonongeka, makamaka chifukwa cha sitiroko kapena kuthamanga kwa magazi. Kumwa mowa mwauchidakwa kwa zaka zambiri, kuvulala m'mutu ndi HIV yosalandirira mankhwala nazonso zimatha kuwononga ubongo motere.

Zizindikiro zake

Kuiwala pomwe waika fodya kapena chipewa si matenda ayi. Chodetsa nkhawa nchakuti agogo aziiwala zimene zangochitika kumene: afunsa funso limodzi kasanu, adandaula kuti sadadye pomwe mbale zili pomwepo, kapena asokera pa njira yakudimba imene ayendamo moyo wawo wonse.

Matenda akamakula, wodwala amasokoneza usiku ndi usana, amalephera kuwerenga ndalama, amatchula mdzukulu dzina la mchimwene wawo amene adamwalira kalekale, ndipo nthawi zina amanamizira abale kuti awabera. Ena amakwiya msanga, ena amangoti duu osayankhula. Pamapeto pake amafunika kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa.

Chodabwitsa nchakuti zakale ndizo zimachedwa kufufutika. Agogo amene sakumbukira zam'mawa atha kulongosola bwinobwino za ulendo wawo wa ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, kapena kuimba nyimbo yonse ya ngoma osaphonya.

Si ufiti

Ngozi yaikulu kwa wodwala kumudzi ndi maganizo a anthu. Nkhalamba ikapezeka usiku pakhomo pa eni, itavula, ikuyankhula zosamveka, ambiri amathamangira kunena kuti mfiti yagwa. Ikafunsidwa mwaukali, imatha kuvomera chilichonse chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka mutu.

Kunamizira okalamba ufiti kwatayitsa miyoyo m'dziko muno. Mu Januwale 2016, agogo anayi adaphedwa m'boma la Neno, loyandikana ndi Ntcheu, powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Bungwe la Manepo, lomwe limayankhulira okalamba, lakhala likudandaula kuti nkhanza zotere zikupitirira.

Malamulo ngomveka. Lamulo lokhudza zaufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Wopeza nkhalamba yosokera ayenera kuikhazika pansi, kuipatsa chofunda ndi madzi, kenako nkudziwitsa amfumu kapena apolisi.

Thandizo la kuchipatala

Mankhwala ochiziratu matendawa sadapezekebe, komabe kupita kuchipatala nkofunika. Pali mavuto ena amene amafanana nawo koma ngochizika, monga matenda a m'chikhodzodzo, malungo, kuvutika maganizo ndi kuperewera kwa mavitamini ena m'thupi. Ngati agogo asokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, apititsidwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Poyambira pake ndi pachipatala chaching'ono cha m'dera kapena chipatala cha boma cha Ntcheu. Zikafunika, odwala amatumizidwa kwa akatswiri a matenda a ubongo, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kuchepetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kusiya fodya ndi mowa, kugwira tintchito tolimbitsa thupi komanso kucheza ndi anthu kumachepetsa chiopsezo cha matendawa.

Kuwasamalira pakhomo

Wodwala amakhazikika mtima zinthu zikamachitika mofanana tsiku ndi tsiku: kudya nthawi imodzimodzi, kugona malo omwewo, kuona nkhope zomwezo. Nchifukwa chake ana okhala m'tauni aziganiza kawiri asadawanyamule agogo kupita nawo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pakuti malo achilendo amawonjezera kusokonezeka.

Kutsutsana nawo sikuthandiza. Akafunsa za akazi awo amene adatisiya, kuwauzanso za maliro nkuwaliritsa kachiwiri. Ndi bwino kuwapempha kuti asimbe momwe adakumanirana. Poyankhula nawo, munthu akhale pansi, adzitchule dzina, afunse chinthu chimodzi basi nkudikira yankho.

Chitetezo nacho chisaiwalike. M'madera ngati Lizulu ndi Biriwiri, msewu wa M1 umadutsa m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, moti agogo osokera atha kugundidwa ndi galimoto kapena kulowa dziko la eni osadziwa. Kapepala ka dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya m'bale kosokerera m'malaya kamathandiza. Moto, mankhwala a mbewu ndi zitsime zikhale zotchingidwa.

Ntchitoyi njolemetsa, ndipo kawirikawiri imagwera mayi mmodzi kapena mdzukulu amene amafika posiya sukulu. Abale azilandizana, ndipo otumiza ndalama kuchokera kutali azikumbukiranso kuti wosamalirayo amafunika kupuma.

Ulemu ukadali wawo

Kulemekeza agogo kusadikire bokosi lodula ndi chiliza. Akhalebe ndi mpando wawo pabwalo, aitanidwe ndi mfunda wawo, ndipo pasapezeke wowakamba ngati palibepo kapena ana owaseka. Apatsidwe ntchito zimene manja awo akukumbukira, monga kutong'ola chimanga kapena kuluka mphasa. Nyimbo za ngoma, zonga zimene zimamveka pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V, komanso nyimbo za kutchalitchi, zimatha kudzutsa nkhope imene idangoti zii sabata yonse.

Akale adati mawu a akulu akoma akagonera. Lero foni yam'manja ikhoza kuwasunga mawuwo: mayina a makolo, mbiri ya mudzi, malire a minda. Banja limene lijambula zimenezi matenda akadali poyambira limakhala ndi chowakumbutsa agogo mawa, komanso chosiyira zidzukulu.

Pa 21 Sepitembala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira matenda a Alzheimer, ndipo pa 1 Okutobala limalemekeza anthu achikulire.