Mbiri ya Sitima ya Chauncy Maples ndi Zobvuta Zace

Pokumbukira nchito za makolo athu tiyenera kuchulanso sitima imene inatumikira midzi ya m'mbali mwa nyanja zaka zambiri, kuti ana athu adziwe mtengo wace.

Caka ca 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja, ngalawa yace itagubuduzika ndi namondwe. Pamenepo abwenzi a Mishoni ya U.M.C.A. anasonkha ndarama, nauza amisiri a Alley & McLellan a ku Glasgow kuti apange sitima yochedwa dzina lace. Mtengo wace unali mapaundi 13,500. Ataipanga anaiphwasula, naimanga m'mitolo 3,481, imene inakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Koma pa mathithi a Shire ngalawa sizipita. Cifukwa cace katundu yense anayenda pamtunda mamailosi 64. Boila, ndiwo mphika waukuru wophikira nthunzi, unalemera matani 11, ndipo Angoni 450 anaukoka pa ngolo.

Bvuto loyamba linaoneka kwa Mponda, polumikiza zitsulo. Amisiri a ku Glasgow analemba nambala pa citsulo ciri conse, koma mankhwala oletsa dzimbiri anakwirira manambalawo, kotero kuti omanga anayesa cimodzi cimodzi kufuna malo ace. Nchito inatha zaka ziwiri, ndipo sitima inalowa m'madzi pa 6 June 1901.

Tisaganize kuti zolipira zinathera pomwepo. Sitima ya nthunzi idya nkhuni monga ng'ombe idya msipu, ndipo pa madooko panayenera kukhala miyulu ya nkhuni zotemeratu. Mphepo ya mwera imagwedeza misomali yolumikiza zitsulo, dzimbiri limadya pansi pamene maso saona, ndipo cipangizo cikathyoka, cina cinacokera kutali kutsidya la nyanja yamcere. Ngakhale zinali tero, sitimayi inanyamula ansembe, aphunzitsi ndi odwala pakati pa Likoma ndi midzi ya kumtunda, ndipo m'nkhondo ya 1914 boma linaitenga kuti inyamule asilikari.

Caka ca 1953 Mishoni inaigulitsa kwa boma la Nyasaland, niyamba nchito ya usodzi. Mu 1967 boma la Malawi linaikonzanso kuti inyamule anthu ndi katundu, ndipo m'malo mwa injini ya nthunzi anaikamo ya dizilo. Mu 1992 inaleka maulendo, niima pa dooko la Monkey Bay. Caka ca 2009 anthu acifundo a ku Britain pamodzi ndi boma anayamba kufuna ndarama zoisandutsa cipatala coyenda pamadzi.  Koma nchitoyo inaima isanathe.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti kugula cinthu kucitika kamodzi, koma kucisunga ndiko kwa masiku onse. Amene ali ndi boti la injini lokalamba adziwa kuti ndarama ya mafuta, ya utoto ndi ya mmisiri siileka kuturuka. Momwemonso ife, amene tinalandira nyumba zopemphereramo ndi masukulu kwa makolo athu, tiyenera kupatula kanthu caka ndi caka, ndi kutseka pobooka pakali pang'ono, madzi asanadzaze ngalawa.