Lamulo la Ufulu wa Nzika la 1964 ku United States

Lamulo la Ufulu wa Nzika la 1964 ndi lamulo la dziko la United States loletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera kapena poti ndi mwamuna kapena mkazi.

Chiyambi: Pulezidenti John F. Kennedy adapereka ganizo la lamuloli mu June 1963, anthu akuda atachita zionetsero ku Birmingham. Aphungu a zigawo zakummwera adalitsekereza kwa milungu yambiri, koma nyumba ya Senate idalivomereza ndi mavoti 73 kwa 27. Pulezidenti Lyndon B. Johnson adalisainira pa 2 July 1964.

Zamkati: Lili ndi magawo 11. Gawo lachiwiri limaletsa tsankho m'mahotela, m'malo odyera ndi m'nyumba zoonetsera kanema. Lachisanu ndi chimodzi limalola boma kuleka kupereka ndalama ku mabungwe atsankho. Lachisanu ndi chiwiri limateteza anthu pantchito, ndipo lidakhazikitsa bungwe la EEOC lolandira madandaulo.

Zogwirizana nalo: chigamulo cha mlandu wa Brown cha 1954 chothetsa tsankho m'sukulu za boma, lamulo loteteza ufulu wovota la 1965, ndi lamulo loletsa tsankho pogulitsa ndi pobwereketsa nyumba la 1968.