Kompyuta idatsala ku ofesi, agogo adatenga foni

Mu 1994 kampani ya ZAMNET, yomwe idabadwira pa University of Zambia, idalumikiza Zambia ku intaneti, dzikolo n'kukhala limodzi mwa oyamba mu Africa kutero. Koma nthambo za intanetizo zidalondola mapu akale a Lusaka. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, madera amene atsamunda adadzipatulira, kunali kale matelefoni a m'nyumba ndi ndalama zogulira kompyuta. Ku Kabwata, kumene kale antchito akuda ankakhala m'tinyumba tozungulira tofolera udzu, anthu kompyuta ankaiona kuntchito, apo ayi ankalipira mphindi zowerengeka m'mashopu a intaneti a mumsewu wa Cairo. Amene anali ndi zaka 35 chaka chimenecho lero adutsa zaka 65, ndipo ambiri popuma pantchito kompyutayo adaisiya pa desiki ya abwana.

Mbiri imeneyi yakumana ndi ya chipatala. Boma litayamba kulipiritsa odwala mu 1993, okalamba a zaka 65 kupita m'mwamba adakhululukidwa, ndipo chitupa ndi imvi zinkawaikira umboni. Lamulo la 2018 lidakhazikitsa bungwe la NHIMA loyendetsa inshuwalansi ya boma: wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wake n'kuwonjezera inanso, pamene okalamba sasonkha. Koma tsopano umboni uli m'kompyuta. Mayi wa ku Chelstone akafika pawindo la chipatala cha Levy Mwanawasa, kalaliki amayamba wafufuza dzina lake pamakina. Ufulu wa wokalamba wasungidwa m'chipangizo chimene iye sadakhale nacho. Chidamufika ndi foni ya m'manja, kawirikawiri yamabatani, yolandirira ndalama za ana pa Airtel Money kapena MTN.

Ena amati vuto palibe, adzukulu alipo. N'zoona amathandiza, koma si khomo lililonse lili ndi mdzukulu, ndipo pali matenda amene munthu wamkulu sangaululire mwana wa mwana wake. Ena amati mbadwo uno ukadzatha vutoli lidzatha nawo. Aiwala kuti maso amachita chidima, zala zimauma, ndipo makina amasintha msanga kuposa munthu. Katswiri wa lero ndiye agogo osokonezeka a mawa. Choncho NHIMA ndi zipatala asatseke windo lokhala ndi munthu, ndipo uthenga wofunika uzifika pa foni wamba m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Inshuwalansi imene wokalamba sangaifikire yekha ndi yapapepala chabe.