Pamene Osamalira Nkhalamba Adakhala Eni Kampani

M'chaka cha 1985, ku Bronx mumzinda wa New York m'dziko la America, anthu 12 osamalira nkhalamba ndi odwala m'makomo adayamba ntchito pakampani yatsopano yotchedwa Cooperative Home Care Associates, mwachidule CHCA. Kampaniyi idali yachilendo pa chinthu chimodzi: eni ake adali oti akhale antchito omwewo.

Kuti timvetse chomwe chidachititsa, tiyambe taona ntchitoyo. Kumeneko nkhalamba zambiri zimakhala zokha, ana ali kutali. Tsono pamalembedwa munthu wobwera kudzazisambitsa, kuziveka, kuziphikira, kuzitembenuza pabedi ngakhale kuziperekeza kuchimbudzi. Ambiri ogwira ntchitoyi ndi amayi, ndipo ku New York ochuluka ndi akuda komanso ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi.

Malamulo adawaiwala amayiwa kwa nthawi yaitali. Lamulo la boma lalikulu la 1938, lomwe lidakhazikitsa malipiro otsikitsitsa ndi ndalama za ovataimu, silidakhudze antchito a m'nyumba. Mu 1974 adalikonza, koma osamalira nkhalamba adasiyidwabe panja, ati ntchito yawo njongocheza ndi agogo basi. Mayi Evelyn Coke, obadwira ku Jamaica, atagwira ntchitoyi zaka zoposa 20 adakasuma kuti alipidwe ovataimu yawo. Mu 2007 majaji onse 9 a khoti lalikulu la dzikolo adawakanira. Boma lidadzasintha ndondomekoyo mu 2013, nkuyamba kuitsata mu 2015, koma apo nkuti mayiwo atamwalira kale mu 2009.

Malipiro ochepa silidali vuto lokhalo. Maola a ntchito adali osadziwika: sabata ino ntchito tho, sabata yamawa wodwala wagonekedwa m'chipatala, iwe khala pakhomo opanda kanthu. Kaamba ka ichi anthu ankasiya ntchito ngati akuthawa moto. Nanga wovutika ndani? Ndi gogo uja, amene mwezi uliwonse ayenera kuvula pamaso pa mlendo watsopano, wosadziwa nkomwe kuti mwendo wopweteka ndi uti.

A Rick Surpin ndi a Peggy Powell, omwe adatsogolera kuyambitsa CHCA mothandizidwa ndi bungwe la Community Service Society, adaona kuti mavuto awiriwa ndi amodzi. Ganizo lawo lidali lakuti chisamaliro chabwino sichingachokere m'manja mwa munthu amene ntchito yake ikumuzunza.

Adakhazikitsa maphunziro aulere a milungu ingapo, womaliza bwino nkulembedwa ntchito pomwepo. Wantchito wofuna kukhala mwini ankagula sheya ya madola 1,000. Poyamba ankapereka madola 50 okha, yotsalayo nkumadulidwa pang'onopang'ono pamalipiro. Sheyayo idampatsa voti imodzi, yofanana ndi ya wina aliyense, komanso gawo la phindu chaka chikayenda bwino. Mipando yambiri mubodi yoyendetsa kampani idaperekedwa kwa antchito osankhidwa ndi anzawo. Adakonzanso zoti amene wakhalitsa pantchito azilipidwa maola osachepera 30 pasabata, ngakhale odwala oti awayendere atachepa.

Zotsatira zake zidaoneka. M'makampani ena ambiri, oposa theka la antchito ankachoka chaka chisadathe, pomwe ku CHCA wochoka ankakhala pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu. Kwa nkhalamba, izi zidatanthauza nkhope yodziwika pakhomo m'mawa uliwonse. Munthu wokuzolowera ndiye amazindikira msanga kuti lero agogo sadadye, kapena kuti kabala kayamba kumsana, nkuuza anamwino zinthu zisadafike poipa. Pofika zaka za m'ma 2010, kampani ija ya anthu 12 idali ndi antchito pafupifupi 2,000, nkukhala kopaletivi ya antchito yaikulu kuposa zonse m'dzikolo.

Komatu tisanamizane kuti amayiwa adalemera. Ndalama zambiri zolipirira chisamalirochi zimachokera ku Medicaid, thumba la boma lothandiza osauka pa zachipatala, ndipo mtengo wa ola limodzi amaukhazikitsa ndi boma. Ungakhale mwini kampani, sungagawe zomwe sizidalowe. Atsogoleri a CHCA adaliona khoma limeneli, nchifukwa chake mu 1991 adayambitsa bungwe la Paraprofessional Healthcare Institute loti liziphunzitsa antchito ndi kukankha aboma kuti akonze malamulo. Mu 2003 antchitowo adalowanso m'bungwe la apantchito la 1199SEIU. Ena adadabwa: eni kampani kulowa yuniyoni, akalimbana ndi yani? Yankho lidali lakuti wogwira thumba ali kulikulu la boma ku Albany, ndipo kumeneko amamva mawu a gulu.

Ena adatengerapo phunziro. Ku Philadelphia kudabadwa Home Care Associates mu 1993, ndipo kumidzi ya ku Wisconsin, m'tauni ya Wautoma, osamalira nkhalamba adayambitsa Cooperative Care mu 2001.

Umwini sudathetse umphawi wa amayi a ku Bronx. Chomwe udawapatsa ndi maola odalirika, luso, ndi mpando pomwe pakugamulidwa za ntchito yawo. Atapeza zimenezi ambiri adakhazikika, ndipo nkhalamba zambiri zidatha kukalambira m'nyumba zawo, zikusambitsidwa ndi munthu wozidziwa dzina.