Mawu amene amalinyero amadalira pakati pa nyanja yamchere

Chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, maboti ambirimbiri oyendera matanga amanyamuka padoko la Las Palmas, kuzilumba za Canary, kulowera kuchilumba cha Saint Lucia ku Caribbean. Ulendowu, umene unayamba kuchitika mu 1986 ndipo umatchedwa Atlantic Rally for Cruisers, ndi wa makilomita pafupifupi 5,000 ndipo ambiri umawatengera milungu iwiri kapena itatu. M'maboti ena mumakhala anthu awiri okha, ndipo nyengo ikatembenuka pakatikati palibe doko lothawirako. Munthu womva amalinyerowa akucheza angaganize kuti mawu awo, monga knot, reef ndi squall, ndi ongodzionetsera pamaso pa ife a kumtunda. Maganizo amenewo ndi olakwa. Mawuwa ndi chida chofanana ndi chingwe kapena kampasi, chifukwa lililonse limalumikiza chimene maso aona ndi chimene manja ayenera kuchita nthawi yomweyo.

Umboni woyamba uli pa kayezedwe ka mphepo. Liwiro la boti ndi la mphepo limayezedwa mu knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Koma muyeso umene umaonetsa bwino nkhaniyi ndi wa Francis Beaufort, msilikali wapamadzi wa ku Britain, amene mu 1805 anagawa mphamvu ya mphepo m'magawo, omwe lero amayambira pa 0 kulekezera pa 12. Chochititsa chidwi n'chakuti kale magawowa sankatchula liwiro la mphepo ayi. Ankafotokoza kuchuluka kwa matanga amene sitima yankhondo ingakweze popanda kuwonongeka. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi nambalayo inali lamulo la chochita. Lero gawo 4 ndi mphepo ya ma knot 11 mpaka 16, yoyenda nayo mosangalala, pamene gawo 8 ndi ma knot 34 mpaka 40, mphepo yamkuntho. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene imakankha thanga imawirikiza kanayi. Mlongoti umathyoka chifukwa cha masamu amenewa.

Apa m'pamene pamabwera liwu lakuti reef, lomwe ndi kuchepetsa thanga popinda mbali yake yamunsi n'kuimanga. Ntchitoyi ndi yosavuta nyanja ikakhala bata, koma yoopsa mphepo ikakula kale, boti litapendekeka, mafunde akukhavukira mkati. Mdani wamkulu wa amalinyero ndi squall, chimphepo chadzidzidzi chobwera ndi mtambo wakuda ndi mvula, chimene chimatha msanga koma chimatha kung'amba thanga, ndipo pa Atlantic chimakonda kufika usiku. Tsono taganizirani anthu awiri amene akulondera mosinthana maola atatu kapena anayi, usana ndi usiku, kwa milungu iwiri. Munthu wosowa tulo amazengereza. Amadziuza kuti mtambowo udutsa pambali, ndipo safuna kudzutsa mnzake amene wangogona kumene. N'chifukwa chake amalinyero ochenjera amagwirizana asananyamuke kuti mphepo ikafika pa liwiro lakutilakuti thanga lichepetsedwe popanda kukambirana. Nzeru zimakhala zitaikidwa kale m'liwulo pamene mitu inali yozizira, kuti zidzagwire ntchito pamene mitu yatopa. Chimodzimodzi heave to, komwe ndi kutchera matanga ndi chiwongolero kuti zilimbane zokhazokha mpaka boti lingotsala pang'ono kuima, anthu aphike, adye, agone. Amene sadziwa liwuli sadziwanso kuti njira yopumira pakati pa namondwe ilipo.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale. Masiku ano GPS imauza munthu pamene ali, ndipo kudzera pa setilaiti amalinyero amalandira mafayilo a GRIB oonetsa mphepo ya masiku akubwera pakompyuta. Zoona, zipangizozi zapulumutsa anthu, ndipo wokana kuzigwiritsa ntchito ndi wamakani chabe. Koma chimene kompyuta imapereka ndi mawu ndi manambala omwewo, ndipo wina ayenera kuwamasulira. Ulosi wa GRIB umaonetsa mphepo ya dera lalikulu. Kamtambo kamodzi kobweretsa squall sikaonekamo. Ngakhale mawu ooneka wamba ali ndi malire ake okhwima. Pa ulosi wa panyanja wa ku Britain, umene mizu yake ili pa machenjezo a namondwe amene Robert FitzRoy anayambitsa mu 1861, akati imminent ndiye kuti chimphepo chifika pasanathe maola 6, soon ndi pakati pa maola 6 ndi 12, later ndi kupitirira maola 12. Womva mawuwa ngati Chingerezi cha tsiku ndi tsiku wataya maola amene akanakonzekera.

Zimene zinachitika pa mpikisano wa maboti wochokera ku Sydney kupita ku Hobart mu Disembala 1998 zikutsimikiza mfundoyi momvetsa chisoni. Maboti 115 ananyamuka, 44 okha ndi amene anafika, ndipo amalinyero 6 anamwalira namondwe atawapeza chakufupi ndi Bass Strait. Chenjezo linaperekedwa. Koma kafukufuku wapambuyo pake anapeza kuti opikisana ambiri sankadziwa kuti liwiro la mphepo limene azanyengo amalengeza ndi lapakatikati chabe, ndipo mphepo ikamawomba mwamphamvu imatha kuliposa ndi 40 peresenti. Kutalika kwa mafunde nakonso amakuwerengera potenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mafunde onse, lomwe ndi la mafunde aatali kwambiri, n'kupeza kutalika kwapakati, kotero funde limodzi likhoza kutalika pafupifupi kawiri kuposa nambala yolengezedwa. Awa sanali anthu achilendo panyanja. Anamva nambala, koma sanamve tanthauzo lake lonse.

Chitsutso china n'cholemerapo: kodi luso lenileni silili m'maso ndi m'thupi, osati m'mawu? Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Likoma sadziwa za Beaufort, koma amaona nyanja n'kubweza bwato lake. Komatu iyenso ali ndi mawu ake. Akati mwera, watchula kumene mphepo ikuchokera, miyezi yozizira imene imavuta, kukula kwa mafunde, ndi lamulo lakuti lero tisalowe pamadzi, ndipo azanyengo akamachenjeza pawailesi amagwiritsa ntchito dzina lomwelo. Luso la munthu mmodzi limathandiza iye yekha. Likakhala ndi dzina, limafika kwa mnzake amene wadzidzimuka kutulo mumdima ndipo alibe nthawi yofunsa mafunso. Pa boti la anthu awiri kapena atatu, amene sanaphunzire mawuwa mpaka kumvetsa malire a lililonse sanakonzeke kuwoloka nyanja, ngakhale botilo litadzaza ndi zipangizo zamakono.