Malalanje a ku Mangunda

Munthu akakwera basi ku Limbe kuloŵera ku Mulanje podzera ku Thyolo, maso ake amakhuta ndi kubiriŵira kwa tiyi. Mizere yake ili ndondondo kukwera ndi kutsika zitunda, ndipo mlendo angayese kuti dziko lotere silinamvepo kulira kwa mfuti. Koma m'mwezi wa Ogasiti 1953, pamene dzina la bomali linkalembedwa kuti Cholo, mitengo inagwetsedwa kutseka miseu yomweyi, mawaya a telefoni anadulidwa, ndipo magazi anakhetsedwa. Mlandu wake unayambira pa malalanje.

Tisanafike pa malalanjewo tiyambe taona nthaka imene anamerapo. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka kwa Azungu zikalata zoŵatsimikizira kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire ndi awo. Ambiri mwa malo a Eugene Sharrer anadzagwera m'manja mwa kampani ya British Central Africa. Anthu okhala pamalopo, makamaka Alomwe amene anathaŵa ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique, anasanduka alendi, olipira malo ndi thukuta lawo. Ameneyo ndiye thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa abale anasanduka goli. Pofika 1953 lendi ya pachaka inali itakwera kuchoka pa mashilingi 20 kufika pa 52 ndi theka. Eni minda ambiri anaopa kutolera ndalama yonseyo, koma kampani ija inaumirira, ndipo okana kulipira anauzidwa kuti asamuke. Chaka chomwecho Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa anthu akukana, ndipo m'midzi munali mantha akuti malo otsalawo apitanso.

Tsono pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, eni munda anagwira anthu akuba malalanje. Mbiri inathamanga m'midzi kuti ogwidwawo aphedwa. Khamu la anthu linasonkhana kufuna kuona abale awo, apolisi anafika, ndipo moto unabuka. Chipoloŵe chinafalikira m'maboma ena a Chigawo cha Kummwera, kotero kuti boma linaitanitsa apolisi ochokera ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Tanganyika. Pamene fumbi linkatsika, Afirika 11 anali atafa ndipo 72 anali atavulala.

Funso loyenera kufunsa ndi ili: chifukwa chiyani anthu anzeru zawo, odziŵa kulima ndi kuweruza milandu pabwalo, anakhulupirira msanga mbiri imeneyi? Atsamunda ankati ndi umbuli, poti masiku amenewo kunali mphekesera za chifwamba, zakuti Azungu ena amagwira anthu usiku ndi kukaŵapha. Ine ndikuti tiyang'ane moyo wa mlendi. Lendi yake inkakambidwa m'zipinda zimene iye sankaloŵamo. Malire a munda anali pa pepala limene sanalionepo. Chitaganya chinapanganidwa ku London. Mbale wake akatengedwa ndi kapitao kapena wapolisi, panalibe khomo limene akanagogoda nayankhidwa mwaulemu. Munthu amene zonse zokhudza moyo wake zimachitikira kuseri kwa chitseko amayamba kuganizira yekha zimene zili mkatimo, ndipo kaŵirikaŵiri amaganiza zoopsa. Mbiri ya ku Mangunda inali yolakwika pa mfundo yake, koma mantha amene anaibereka anali ndi maziko.

Nanga mkazi amene mwamuna wake anagwa ndi chipolopolo akanakadandaula kuti? Apolisi ankayankha kwa mkulu wawo ku Zomba, mkuluyo ankayankha kwa Bwanamkubwa Geoffrey Colby, ndipo Bwanamkubwa ankayankha ku London. Mu Nyumba ya Malamulo munali Afirika oŵerengeka pa zala za dzanja limodzi, oikidwa osati ovoteredwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kunena zoona, Colby anaona kuti gwero la mavuto ndi malo, ndipo analimbikira kuti boma ligule minda ina ya kampani ija. Koma phunziro lina limene boma linatola linali lakuti mphamvu zinachepa: m'chaka cha 1954 linakhazikitsa gulu la apolisi othana ndi zipoloŵe, Police Mobile Force.

Nyuzipepala nazo sizikanatha kuzima mphekesera. Nyasaland Times, imene inayamba m'chaka cha 1895 ndi dzina lakuti Central African Planter, inali ya Chingerezi, ndipo woŵerenga amene inkamusamala anali mwini munda. Kalaliki wa Chifirika ankaigula ndi ndalama yofanana ndi ya Mzungu, koma m'masamba mwake ankapezamo ena akukamba za iye, osati akukamba naye. Msimbi, ya m'Chinyanja, inali ya boma. Tsono nyuzipepala ya mwini munda kapena ya Bwanamkubwa ikanena kuti palibe amene waphedwa, mlendi akanaikhulupirira pa chifukwa chanji?

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, boma lomwe linkaseka mphekesera za anthu linagwa m'mbuna yomweyo. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la chisokonezo, ndipo Dr. Banda ndi mazana a anthu a Congress anamangidwa. Chifukwa chimodzi chimene chinaperekedwa chinali malipoti achinsinsi a apolisi akuti pali chiŵembu chopha Azungu, Amwenye ndi mafumu. Afirika 51 anaphedwa. Bungwe lofufuza la Jaji Patrick Devlin linapeza kuti chiŵembu chachikulu choterocho kunalibe, ndipo linati Nyasaland, pa nyengo imeneyo, yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain linakana mbali zoŵaŵa za lipotilo, nilitulutsa yankho la Armitage pamodzi nalo. Apa tikuona kuti chinsinsi chimapusitsa ndi mwini wake yemwe, pakuti zimene zanong'onedwa m'khutu palibe amene angazitsutse.

Mlandu suola. M'chaka cha 2011, pa mlandu umene okalamba a ku Kenya anasumira boma la Britain, zinaululika kuti mafailo oposa 8,000 ochokera m'maiko 37 amene analamulidwa ndi Britain anabisidwa ku Hanslope Park. A Nyasaland analimo. Amene ankakayika kuti atsamunda akubisa zinthu sanali openga.

Tikadakonda kunena kuti ufulu wa 1964 unatsegula zitseko, koma mbiri ikukana. Thangata anathetsedwa m'chaka cha 1962, chinsinsi chinatsala. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo poti boma silinkafotokoza zomveka, kunamveka zakuti magazi awo akugulitsidwa ku South Africa. M'chaka cha 1972 kampani yosindikiza Times inakhala ya Dr. Banda, woŵerenga nasintha bwana chabe. Mu Januwale 2003, mphekesera za anamapopa zitagwira Thyolo ndi Mulanje, apolisi anamanga mtolankhani wa wailesi ya MIJ chifukwa choulutsa mawu a munthu wa ku Thyolo amene ankati anamapopa anamufikira. Kumangako sikunaphe mphekesera. Inabweranso m'chaka cha 2017 m'maboma omwewo, anthu osalakwa naphedwa ndi magulu a anthu okwiya.

Lero tili ndi zida zimene alendi a 1953 analibe. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu pa apolisi, ngakhale panapita zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Zida zimenezi zichita dzimbiri ngati mayi wothyola tiyi ku Thyolo sadziŵa kuti zilipo, kapena ngati akagogoda ayankhidwa monga ankayankhidwira agogo ake. Khamu la ku Mangunda linkafuna chinthu chimodzi chaching'ono: kuonetsedwa abale awo ndi kuuzidwa zoona ndi munthu amene akanamukhulupirira. Munthu woteroyo sanapezeke tsiku limenelo, ndipo malalanje oŵerengeka anatsegula njira ya maliro 11.